Mng'alu pa Mbale ya Ababa

4 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tilipo. Alamu anu akupereka moni.

Nkhani ndi ya Ababa. Sabata yatha kunabwera a Gitala, aja ankaimba nawo ku hotela. Akuti holo yovinira ija aigwetsa chaka chino kuti pakhale poimika magalimoto, ndiye eni ake akufuna bandi yakale idzaimbemo komaliza Loweruka pa 14 Juni masana. Mwa anthu asanu ndi awiri aja atsala atatu: a Gitala, a Lipenga ndi Ababa.

Chibwerereni a Gitala, Ababa sakukhazikika. Maso awo mukuwadziwa, ng'ala ija yakula, munthu akumamuzindikira ndi mawu okha. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atakwera pampando, akupapasa pamwamba pa wadiropu kufuna chikwama cha mbale zawo za pang'oma. Ndinawatsitsa, chikwamacho n'kutsitsa ndekha.

Mbale zonse zinayi zilimo: Mapasa aja amawaomba ndi phazi, yaing'ono ija amaitcha Mkalipi, ndi yaikulu ija, Adona. Mukukumbuka malemu Amayi ankati m'nyumba muno muli akazi awiri, koma wopukutidwa ndi nsalu yofewa ndi mmodzi. Zitsulo zoimikapo mbalezi zinachita dzimbiri, china n'chothyoka mwendo, ndiye ndatengera zonse ku shopu kwanga kuti ndikawotcherere.

Kumeneko n'kumene ndaona vuto. Adona ali ndi mng'alu. Wayambira m'mphepete kulowa mkati, kutalika ngati chala changa chapakati, kuwonda ngati tsitsi. Ababa sakudziwa, ndipo chonde musawauze.

Munanena kuti pansi pa chipinda chanu pali mkulu wokonza zida zoimbira. Mukamufunse kuti mbale yotere amaiwotcherera ndi chiyani. Mkuwa ndimawotcherera ndithu, mapaipi ndi zina, koma uwu ukuoneka wamtundu wina. Yankhani msanga. Tsiku lililonse ndikamalowa pakhomo, ndisanavule n'komwe nsapato, Ababa akumafunsa kuti mbale zanga zili kuti.

Ndine mlongo wanu,
Mzime

13 Febuluwale

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi mlamu wako, ine ndikungolankhula, ndiye ukaona mawu okongola udziwe kuti wawonjezera yekha. Uli bwanji? Kufakitale kumeneko akukusoketsabe mayunifolomu a anthu onenepa?

Wamva kuti ndikukaimba. Unditumizire ndodo ziwiri zopepuka, zansonga yamtengo. Zansonga yapulasitiki ayi, zimenezo n'za anthu ofuna phokoso. Utumizenso tinsalu tokhuthala tija toika pansi ndi pamwamba pa mbale. Takale tija tinadyedwa ndi njenjete.

Iwe unali wamng'ono, Adona sunawamve m'holo. M'nyumba muno salira bwino, makoma ali pafupi. M'holo muja ukawagunda pamimba ndi nsonga ya ndodo, amayamba anena kuti ting, kenako pansi pake pamatuluka mawu ena, ngati mvula ikubwera patali pamalata a anthu ena. Iwe ukasiya, iwo sasiya. Ndinkawerenga chamumtima mpaka khumi ndi zisanu akadali kulankhula. Mapasa ntchito yawo ndi kuyendetsa miyendo ya ovina. Mkalipi amangolowerera pakamwa pa anzake, watukwana kamodzi n'kukhala pansi. Koma nyimbo yonse imagona pa Adona.

Ndinawapeza kwa woimba ng'oma wina wakunja amene bandi yake inathera kuno, aliyense n'kumafuna njira yobwererera kwawo. Ndinamupatsa njinga yanga ndi suti yanga yaukwati. Mayi ako anakhala mwezi osandilankhula. Iyeyo anati mbaleyo anaipeza kwa amalume ake ili kale yakuda, ndiye werengera wekha zaka zake.

Tsopano mlongo wako watenga mbale zanga masiku khumi. Mwendo umodzi wachitsulo, masiku khumi. Mwana ameneyu ndinamupatsa ndodo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, iye n'kukatokosera mpira pansi pa bedi. Khutu lake ndi la galayindala. Sindikudandaula, akutidyetsa ndi mageti akewo, koma ukamulembera umuuze achite changu.

Adokotala akuti khutu lakumanzere latopa pang'ono. Ndawauza kuti lakumanja ndi limene limayang'ana kwa Adona.

Ubwera liti?

Bambo ako

26 Febuluwale

Iwe Mzime,

Moni nonse kumeneko. Kalata yako yatha milungu itatu panjira, yafika dzulo. Lero nthawi yopuma sindinadye, ndathamangira kwa mkulu wokonza zida uja.

Werenga bwino. Usawotcherere. Usayandikize moto uliwonse.

Nditamuuza kukula kwa mbaleyo, kuda kwake, ndi timaenje ta hamala tosafanana tija, mkuluyo anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati ndamuuza za m'bale wake wotayika. Anatsitsa mbale zitatu pakhoma. Yoyamba inali ya bulasi, mkuwa wosakaniza ndi zinki. Ataigunda inalira ngati chivundikiro cha poto, n'kuthera pomwepo. Yachiwiri inali ya mkuwa wosakaniza pang'ono ndi chitsulo chofewa chotchedwa tini, magawo asanu ndi atatu pa zana, yodinda ndi makina. Imeneyo ndi yamawu akuthwa, olasa m'mano. Yachitatu inali yakale, tini wake magawo makumi awiri pa zana, yosula ndi manja. Ataigunda ndinaona Ababa atakhala kuseri kwa ng'oma, thaulo lili paphewa. Akuti Adona ndi amtundu umenewo. Kuno yaikulu chonchi amati raidi, Mkalipi amati kirashi, Mapasa amati hayihati.

Akuti mkuwa wa tini wambiriwu mawu ake amakhala m'kulimba kumene unapatsidwa ndi moto ndi hamala tsiku limene unasulidwa. Ukaubwezera pamoto, malo otenthawo amasinthiratu, mbale imaleka kunjenjemera pamodzi n'kukhala ngati bubu. Kubweza kulibe.

Chochita n'chakuti uboole kabowo kakang'ono pamene mng'alu wathera kuti usapitirire. Kapena udule mng'alu wonsewo ngati wina waluma m'mphepete, upale ndi fayilo kuti pasalale. Pang'onopang'ono, chitsulo chisatenthe. Mbale idzaoneka yolumala koma idzalira. Usaipukutenso ndi mankhwala owalitsa, akuti kuda kuja n'kumene kumafewetsa mawu.

Koma ine ndikuona kuti uwauze Ababa. Mbale ndi yawo. Asankhe okha kabowo kapena kudula.

Chinthu chimodzi mkuluyo wafunsa. Akuti mbale yogona m'chikwama siing'aluka yokha. Kodi inagwa?

Ndodo ndi tinsalu ndatumiza padera. Undiyankhe tsiku lomwelo.

Mlongo wako

1 Malichi

Achemwali,

Moni. Ndadikira yankho lanu mpaka kutopa. Ku positi ndapita kanayi, mayi wa pawindo akumangopukusa mutu ndisanafike n'komwe. Ababa Lolemba anati ndikapanda kubweretsa mbale apita okha ku shopu, ndipo mukudziwa msewu uja mmene malole amathamangira.

Ndiye ndachita ndekha, ndipo musade nkhawa, zatheka. Ndinatseka shopu masiku atatu, mwini geti wina mpaka anakwiya. Ndinatsuka mng'alu, ndinautenthetsa ndi moto wa gasi, n'kuthiramo bulasi kuchokera kunsi. Atazizira ndinapala ndi fayilo, kenako sandipepa wosalala. Timizere tozungulira tija ndinatibwezeretsa kamodzikamodzi ndi kafayilo konga singano. Pomaliza ndinadetsa malowo ndi utsi wa kandulo ndi oyilo. Achemwali, ine mwiniwake ndikatembenuza mbale kawiri sindikupapezanso. Chiyambireni ntchito imeneyi sindinapangepo chinthu chaukhondo chotere.

Ndinaigogoda ndi chala, ikulira. Kunali phokoso la malole, koma ikulira.

Ababa amati ntchito yanga ndi yomata mageti. Sindidzawauza, koma ine ndidzadziwa kuti pa 14 Juni m'holo muja mudzalira dzanja langanso. Kwatsala kupenta miyendo, ndiwapititsira sabata yamawa ikatha.

Mkulu wanu uja musamuvutitsenso.

Mzime

16 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Akulemba ndi mlamu wako, ndipo walumbira kuti zimene alembe pano zithera papepala pomwepa. Ndodo zafika, ndi zabwino. Pepa kuti wavutika pachabe.

Lachiwiri mlongo wako anabweretsa zonse n'kuimika pabalaza. Miyendo waikonza bwino, siigwedera. Ndinaponda Mapasa, anayankha. Ndinamenya Mkalipi, anakalipa. Kenako ndinagunda Adona. Anati ting, basi. Ngati munthu watsegula pakamwa wina n'kumutseka ndi dzanja. Ndinagundanso pafupi ndi mchombo, ndinagunda m'mphepete. Ndinawerenga: chimodzi, ziwiri. Zii.

Ndinafunsa mlongo wako kuti ukumva bwanji. Anati akulira ngati kale, Ababa. Ndinafunsa mlamu wakoyu, anati iye sanawamvepo kale koma akukoma. Ndinaitanitsa a Gitala, iwonso anati zili bwinobwino. Komatu a Gitala anaima pafupi ndi sipika zaka makumi atatu, ukawapatsa moni amakuyankha kuti adya kale. Komabe anthu atatu sanganame onse. Adona sanasinthepo chiwapezereni. Wasintha ndine.

Adokotala anandiuza kuti makutu akamapita, amayamba kutaya mawu ang'onoang'ono, opyapyala, aja otsalira m'mbuyo. Phokoso limatsala. Ndiye zayambika, ndipo zayambira kukhutu limene ndinkalidalira.

Maso ndinalola, mwana wanga. Ndinati atenge, ndaona zokwanira, nkhope ya mayi ako ndinaisunga. Koma ndikadzatsekeka uku ndi uku ndidzakhala chiyani? Thumba loika pakona. Ukadzabwera ndidzakudziwa bwanji?

A Gitala ndawauza kuti apeze wina, ndanamizira nyamakazi. Sindingakhale pamaso pa anthu ndikumenya chinthu chimene sindikuchimva. Mlongo wako usamuuze za makutuwa. Wavutika mwezi wathunthu ndi miyendo ija, angaone ngati wataya nthawi yake.

Uyesetse kubwera chaka chino, mawu ako ndikadawamva.

Bambo ako

Alamu, apa ndikulemba ndekha, Ababa sakudziwa. Sakudya. Akumakhala pakhonde wailesi ili kukhutu, kukweza, kutsitsa, kukweza. Dzulo ndinawaona akugwetsa sipuni pansi dala, kumvetsera, kutola, kugwetsanso. Achimwene anunso sindikuwamvetsa, akumachoka tisanamwe tiyi ndipo pabalaza sakumadutsapo. Nyumba yatentha, koma palibe amene wakangana ndi mnzake.

21 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu yafika Lachitatu. Ndaiwerenga nditaimirira pa positi pomwepo, kenako ndinakhala pansi pamasitepe.

Ndinadziwa kale isanafike. Tsiku limene Ababa anagunda Adona pabalaza, kopanda malole, ndinamva ndekha. Amati khutu langa ndi la galayindala, koma ndinakulira pansi pa mbale imene ija. Atandifunsa, pakamwa panayankha pokha.

Mwafunsa ngati inagwa. Inagwa. Tsiku lotsitsa chikwama lija zipi inali yotseguka. Nditafika ku shopu ndinachinyamula chozondoka, Adona n'kutsetsereka kukamenya m'mphepete pa simenti. Ndinakulemberani ngati ndaupeza mng'aluwo. Ndinaupanga ndine.

Tsopano Ababa auza a Gitala kuti sadzaimba, akuti nyamakazi. Nyamakazi yake iti, munthu woti anakwera pampando? Adziwa, Achemwali. Adziwa kuti ndawaphera mbale ndipo ndawanamiza, koma asankha kusandifunsa. Akandimva ndikulowa amakweza wailesi. Bola akanandikalipira. Kukhala chete kumeneku kukundiuza kuti sankayembekezera china chilichonse kwa ine.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Mkulu uja ali ndi yakale ija munaimva. Mufunseni ngati ingafanane ndi Adona kukula ndi kulemera. Ndigulitsa makina anga amodzi, musadandaule za zimenezo. Ikafika Juni asanakwane ndidzaiika pachitsulo mwakachetechete, mwina adzaimba.

Alamu anu sakudziwa kanthu. Musawauze.

Mzime

12 Epulo

Mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa ndiwe mlongo wanga. Makalata atatu afika tsiku limodzi, ako awiri ndi ya Ababa. Ndinayamba ndi yako yonyadira ija, ndipo pofika yachitatu ndinali nditasoka mkono wa malaya pakhosi. Kapitawo anandiuza kuti ndipite ndikasambe kumaso.

Aliyense kumeneko akundiuza kuti usauze uyu, usauze uyo. Ndatopa kukhala sutikesi ya banja lonse. Ababa anandiletsa, koma ndikukuuza.

Sakudziwa kuti unawotcherera. Akuganiza kuti agontha. Anakufunsa, iwe unati akulira ngati kale, iwo anakukhulupirira. Akuganiza kuti makutu akutsatira maso. Akugwetsa masipuni pansi kuti amve ngati akumvabe. Wailesi ija sakukwezera iwe, akudziyesa. Ndipo ukudziwa chifukwa chimene anakubisira? Akuti ungaone ngati wataya nthawi yako pokonza miyendo ija. Akukumvera chisoni iweyo.

Za kusinthanitsa iwala. Ndamufunsa mkulu uja, waseka. Akuti mbale zosula ndi manja palibe ziwiri zofanana, ngakhale zochokera mumphika umodzi tsiku limodzi. Munthu amene wakhala nayo zaka makumi anayi angaizindikire pa kugunda koyamba. Ndipo ngakhale zikanatheka, ukufuna kuchiza bodza ndi bodza lina?

Mbale inafa, palibe chimene tingachite. Koma bambo ako akudziika m'manda ali ndi makutu abwinobwino. Ndikanatha kuwalembera ndekha, mkazi wako n'kuwawerengera. Sindichita zimenezo panopa, chifukwa akamva kwa ine sadzakufunsanso kanthu moyo wawo wonse. Uwauze iwe, tsiku limene ulandire kalata ino.

Kugwetsa aliyense amagwetsa. Ukanandiuza poyamba pomwe.

Mlongo wako

25 Meyi

Mzime,

Moni. Palibe chimene chafika. Ndikumatsika kukayang'ana bokosi la makalata m'mawa, masana ndi pobwera kuntchito. Mkulu wa pansi uja akandiona akumangotambasula manja.

Wawauza kapena sunawauze? Ali moyo? Akudya? Ndapempha tchuthi, akuti mpaka Okutobala. Ndikulephera kukhala pansi, ndasoka makatani a chipinda chino kawiri.

Ndikudikira mpaka Loweruka. Kukapanda kubwera kanthu ndilembera Ababa zonse, ndipo usadzandinene.

Mlongo wako

27 Meyi

Okondedwa Alamu,

Moni wochokera kwa ine. Achimwene anu akuti dzanja silikugwira cholembera, ndiye ndalemba ine.

Kalata yanu anayenda nayo m'thumba la ovolosi milungu iwiri. Ndinaipeza pochapa, itafewa ndi thukuta. Ndikhululukireni, ndinaiwerenga. Lamlungu pa 18 m'mawa ndinaiika patebulo pambali pa kapu yawo ya tiyi. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kunyamuka kupita pakhonde pamene panali Ababa. Ine ndinaima pakhomo.

Achimwene anu anazimitsa wailesi n'kunena kuti, “Ababa, Adona ndinawagwetsa ine. Anang'aluka, ndinawawotcherera. Makutu anu alibe vuto.”

Ababa anatambasula manja. Kenako anati, “Bweretsa.”

Atawabweretsera, Ababa anaika mbale pamiyendo n'kuyendetsa zala m'mphepete katatu konse. “Pati?”

Achimwene anu anagwira chala chawo n'kuchiika pamalopo.

“Palibe kanthu apa.”

“Ndi pomwepo, Ababa.”

Ndiye Ababa anayamba kugogoda ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, kuzungulira. Atafika pamalopo mawu anasintha, ngakhale ine ndinamva. Anadutsa, anabwerera, anagogodanso. Kenako anati tiwapatse Mkalipi ndi ndodo. Anamukoleka pachala, anamugunda mofewa kwambiri, n'kutseka maso, milomo ikuwerenga. Anafika pa zisanu ndi zinayi.

“Ndiye kuti ndikumva,” anatero.

Anayamba kuseka, Alamu. Anaseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola, ine n'kuthamangira madzi. Pobwera ndinapeza kuseka kwatha.

Anati, “Miyezi iwiri. Unkandimva ndikugwetsa masipuni.”

Achimwene anu anati, “Ndinkaganiza kuti mukudziwa.”

“Ndikanadziwa ndikanakhala chete ine? Unandiona liti nditakhala chete?”



“Mbale ndi chitsulo,” anatero Ababa. “Koma ndinakufunsa. Ndilibe maso, ndinabwereka makutu ako, iwe n'kundipatsa onama. Choka pano.”

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi osawalankhula. Kudya akudya, mpaka kuwonjezera. Akumamva zinthu zimene ine sindikuzimva, dzulo anandiuza kuti mpopi wa kwa aneba ukudontha. Koma akafuna mchere uli pafupi ndi mwana wawo amati, “Apongozi, muuzeni wowotcherera uja andipatsire mchere.” Achimwene anu aonda. Adona ali pansi pa bedi la Ababa, ndipo m'mawa uliwonse ndimawamva akugogoda ndi chikhadabo.

Za pa 14 Juni sindikudziwa. A Lipenga anapeza kale bambo wina woimba ng'oma ku tchalitchi kwawo. Mulembereni aliyense payekha, mwina inu angakumvereni.

Mlamu wanu

17 Juni

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Lero akulemba ndi mlongo wako. Ndamuuza kuti alembe chilichonse mmene ndanenera, ndipo mkazi wake adzandiwerengera kuti ndione ngati wabera. Uli bwanji? Kalata yako yoopseza ija inafika zonse zitatha. Uli ndi mkamwa mwa mayi ako.

Kumapeto kwa mwezi watha ndinanyamula Adona m'chikwama n'kupita ku shopu ndekha. Msewu wa malole ndinawoloka ndi makutu. Ndinamupeza uyu akumata geti, ndinamuuza kuti zimitsa moto wakowo. Ndinali nditagogoda masiku khumi ndi awiri, ndinkadziwa pamene mkuwa wakufa wathera ndi pamene wamoyo wayambira. Ndinamugwira dzanja n'kumusonyeza, iye analemba mzere ndi choko kuzungulira mbale yonse.

Tinadula ndi sowo yamanja, masiku awiri. Iye ankacheka, ine dzanja limodzi lili pambale, lina likuthira madzi. Kukangofunda ndinkati leka, iye n'kuleka.  Mkombero utagwa pansi ndinamumva akufwenthera, ndinamuuza kuti apale m'mphepete, misozi siisalaza chitsulo.

Atsala ang'ono kuposa Mkalipi. Mvula ija kulibenso. Akulira ngati belu lachimfine, mawu ouma, aafupi. Si Adona. Sindinawapezere dzina.

Loweruka ndinapita. Bambo wa ku tchalitchi uja ndi munthu waulemu, anandisiyira nyimbo zinayi. Anafuna kundibwereka mbale yake yatsopano yowala ngati galasi, ndinaigunda kamodzi n'kumuthokoza. Ndinaimika yangayi. A Lipenga mpweya unawathera pa nyimbo yachitatu, a Gitala anayamba nyimbo ina ife tikuimba ina, koma anthu anavina. Ndinkamva nsapato zawo pamatabwa, ndodo zoyendera zomwe. Titamaliza anabwera ambiri kudzandigwira dzanja, akuti mbale yanu ija ikadali chimodzimodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anazindikira. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti amamva zimene ndinkamva ine. M'holo yonse tinalipo awiri odziwa chimene chasowa, ine ndi uyu, ataima kuchitseko ndi chikwama.

Lemba kuti zala zanga zinayenda pa mbale imene ija zaka makumi anayi, ndipo sizinapeze pamene anawotcherera. Ntchito yolakwika, koma dzanja lake ndi la mmisiri. Sindinkadziwa.

Lembanso kuti sindinamukhululukire. Ndikumva kuti cholembera chaima. Lemba. Sindinamukhululukire, ndipo sindikudziwa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji.

Umufunse mkulu wako uja ngati tingaboole timabowo titatu m'mphepete n'kuikamo timisomali tamkuwa togwedera, kuti mawu azikoka pang'ono. Ndinaonapo ena atachita. Koma usavutike kuyankha msanga, makalata ako amafika zinthu zitapsa kale. Ife tiyesa mawa. Ndamuuza uyu kuti andidzutse sikisi koloko, tinyamukire limodzi, andigwire mkono pamsewu.

Okutobala ubwere ndithu. Ndidzakumvera pageti.

Bambo ako